Zoona kuti ku Germany Rambo ndi Komando amawalankhulira munthu mmodzi?

Wa pa Bembeke:

Akuluakulu ndithandizeni kaye nkhani iyi tisanadane ndi anzanga. Ine ndimagwira maganyu operekeza alendo okwera phiri la Dedza, nthawi zina ndimawatengeranso ku Chongoni kukaona zojambula za m'mapanga zija. Sabata yatha ndinali ndi banja lina lochokera ku Germany, nde madzulo kutazizira monga mukuidziwira Dedza yathuyi, tili pa mbaula, bambo wake anatsegula laputopu nkuika filimu. Ine kungoona nkhope ndinadziwiratu kuti uyu ndi Rambo, yoyamba ija yomwe apolisi amamusaka m'nkhalango. Koma abale Rambo akulankhula Chijeremani! Osati ngati zathu zino zoti DJ akulankhula pamwamba chizungu chikumveka pansi ayi, uyu milomo ndi mawu zikuyendera limodzi ngati anabadwira konko.

Nditafunsa, bambo aja anati mawuwo ndi a munthu wina dzina lake Thomas Danneberg, ndipo yemweyo ndi amenenso ankalankhulira Arnold Schwarzenegger, Komando wathu uja. Akuti Danneberg atamwalira bambowo anadandaula ngati afedwa malume awo. Nditakawauza anzanga pa bawo andiseka kuti mzungu wandinamiza, akuti Arnold kwawo nkomweko amalankhula yekha chiyankhulocho nde angafunirenji munthu womulankhulira. Ine ndasowa chowayankha chifukwa mfundo yawo ikumvekanso. Alipo akudziwa? Munthu ameneyu anali ndani kwenikweni, ndipo ntchito yake inali yongolankhula basi?

Mngoni wa ku Leipzig:

Mphwanga sanakunamize, anzakowo akakugulire chipisi kkkk. Ine kwathu ndi kwa Njolomole ku Ntcheu koma ndili kuno ku Germany chaka chachinayi tsopano, ndikuphunzira za unamwino, ndipo Chijeremani changa theka ndinachitolera pa TV pomwepo nde nkhani iyi ndinaifufuza ndekha itandizunguza mutu ngati iweyo.

Thomas Danneberg anabadwira ku Berlin pa 2 June 1942, nkhondo yachiwiri ili mkati, ndipo anamwalira pa 30 September 2023 ali ndi zaka 81. Poyamba anali wa zisudzo wamba, wooneka nkhope. Mu 1967 anasewera mu Die blaue Hand, imodzi mwa mafilimu a zaupandu otengedwa m'mabuku a Edgar Wallace omwe Ajeremani ankawakonda kwambiri nthawi imeneyo, momwe munalinso Klaus Kinski. M'ma 1980 anaonekanso m'mafilimu a nkhondo aja a asilikali aganyu m'nkhalango, monga Code Name: Wild Geese ya 1984 ndi Commando Leopard ya 1985, momwe mtsogoleri anali Lewis Collins. Amene munakulira mu vidiyo sho mwina munamuonapo osadziwa, mafilimu amtundu umenewo ndi omwe ankadzadza pa bolodi panja paja. Koma kunena zoona nkhope yake siinamutengere patali. Chomwe chinamudyetsa moyo wake wonse ndi pakhosi.

Anthu omwe ankawalankhulira ukawaika pamzere umachita kudabwa: Schwarzenegger, Sylvester Stallone (Rambo uja), Terence Hill, John Travolta, Nick Nolte, Dennis Quaid, Dan Aykroyd, John Cleese, mpakana Adriano Celentano wa ku Italy. Taganiza, wina ndi chimphona chosalankhula zambiri, wina ndi wanthabwala wa ku England wolankhula mothamanga ngati wapsa mtima nthawi zonse, onsewo kutuluka pakamwa pamodzi. Kuno mwambo wake ngwakuti katswiri aliyense wakunja amakhala ndi munthu wake wokhazikika, zaka ndi zaka yemweyo. Robert De Niro ndi wa Christian Brückner, Bruce Willis ndi wa Manfred Lehmann. Nde Mjeremani wamba wa zaka 50 akatseka maso nkuganiza za Rambo, mawu omwe amamva m'mutu ndi a Danneberg, a Stallone enieni ena sanawamvepo nkomwe. Nchifukwa chake mlendo wakoyo anamva ngati wafedwa.

Tsopano za Arnold. Anzako alondola theka. Arnold si wa ku Germany, ndi wa ku Austria, anabadwira m'mudzi wa Thal pafupi ndi mzinda wa Graz m'chigawo cha Steiermark mu 1947. Chiyankhulo chake chobadwa nacho ndi Chijeremani inde, koma cha kumeneko chili ndi kamvekedwe kake kolemera, ka kumapiri, ndipo mafilimu kuno amawalankhulitsa Chijeremani chapakati chija cha pa nyuzi chomwe sichionetsa kuti munthu kwawo nkuti. Chomwe anthu amanena kuno nchakuti mawu ake enieni sakanagwirizana ndi anthu omwe iye amasewera. Ndikupatse chitsanzo cha kwathu. Tiyerekeze loboti yochokera kutsogolo, yoopsa, magalasi akuda, yangotsika kumene, ndiye itsegule pakamwa nkuyamba kulankhula ngati agogo anga a ku Tsangano akutsatsa kachewere. Holo yonse ingagwe ndi phwete, palibenso angaope. Ine ndine wa konko nde ndili ndi ufulu wonena, wina asandiyambe.

Chosangalatsa china chinachitika mu 2010 pomwe Stallone ndi Arnold anakumana mu The Expendables, pamalo paja ali m'tchalitchi ndi Bruce Willis. Kwa zaka zonsezo panalibe vuto chifukwa aliyense anali ndi mafilimu ake, koma apa anthu awiri a pakhosi limodzi aima pamodzi akunyozana. Danneberg anawalankhulira onse awiri, kudziyankha yekha, wina kumupatsa mawu okhakhala otsika winayo owongoka. Mu Escape Plan ya 2013 momwe awiriwa ali limodzi pafupifupi filimu yonse zinakanika, iye anatenga Stallone ndipo Arnold anapatsidwa kwa Ralph Schicha.

Madala a Vidiyo, Lizulu:

Ana inu mwandikumbutsa kutali. Ine ndinayendetsa vidiyo sho pa Lizulu pano zaka zambiri, kuyambira nthawi ya matepi ndi deki, jenereta ikulira kuseri, zenera titatseka ndi chiguduli, tsiku la msika anthu ogulitsa kabichi ndi tomato akamaliza onse amathera kwa ine, ena ochokera tsidya la Mozambique kungodumpha msewu basi alowa. Terence Hill amene mwamutchulayo ndi mnzake wonenepa uja Bud Spencer anandigulira malata a nyumba, sindikunama. Anthu sankamva chizungu koma mbama zija zinalibe chiyankhulo.

Koma chimene ndikufuna kunena ndi ichi. Nthawi imeneyo mu sho iliyonse munkakhala mnyamata mmodzi amene filimuyo anaionera kasanu, ndiye amakhala kutsogolo nkumauza anzake kuti apa akuti chakuti, uyu afa posachedwa, ena nkumamukalipira kuti khala chete. Ameneyo ndiye anali womasulira wathu woyamba, osalipidwa. Kenaka kunabwera anyamata a makompyuta aja nkuyamba kujambula mawu awo pamwamba pa filimu, lero mwana aliyense akapita kobenetsa amafunsa kuti muli ndi yomasulira? Yachizungu yokhayokha siyenda malonda kumudzi kuno. Ndipo anthu amasankha DJ osati filimu, amati ndiikireni za uje, kaya ndi ya ku China kaya ya ku India bola mawu akhale a uje. Ndiye ine sindikudabwa kuti Ajeremani anamukonda munthu chifukwa cha mawu okha. Ifenso tili nawo, kungoti athuwa mmodzi amalankhulira onse, mwamuna, mkazi, mwana, ngakhale galu akauwa amamumasulira kkkk.

Funso langa kwa mwana wa kwa Njolomole, kodi iwowo amatani kuti milomo igwirizane? Chifukwa athu ngakhale atayesetsa bwanji munthu amatseka pakamwa mawu akupitirirabe.

Mngoni wa ku Leipzig:

Madala, nkhani yagona pa ndalama ndi kuchuluka kwa manja. Filimu ikamagulitsidwa kunja imabwera ndi mawu ogawa pawiri, mbali ina muli nyimbo, mfuti, mapazi, zitseko, mvula, mbali ina muli zolankhula zokha. Ndiye iwo amachotsa zolankhulazo nkutsala ndi phokoso lina lonse lili bwinobwino. DJ wathu alibe zimenezo, iye amatenga filimu yomwe zonse zinaphikidwa kale pamodzi, nchifukwa chake akafuna kulankhula amatsitsa zonse ndipo akasiya mumamva mfuti yabwereranso mwadzidzidzi.

Kenaka pamakhala munthu womasulira mawu onse pa pepala, wina nkuwalembanso kuti akwane pakamwa pa wosewerayo. Apa ndiye pali luso lenileni. Malembo ngati m, b ndi p munthu sungawatchule osatseka milomo, tayesani kunena kuti bambo muone. Ndiye ngati pa sikirini munthu watseka milomo, mawu a Chijeremani pamenepo akuyeneranso kukhala otseka milomo, apo ayi diso limaona kuti pali chinyengo. Kutalika kwa chiganizo nakonso kufanane, pomwe Chijeremani mawu ake ndi aataliatali ndipo mneni amakonda kukhala kumapeto. Akatero filimu amaidula tizidutswa ta masekondi ochepa, wolankhula amaima pa maikolofoni mu situdiyo, amaonera kachidutswa, nkulankhula, dayirekita akuti bwereza, wina ntchito yake kungoyang'ana milomo basi. Munthu akuthamanga pa sikirini nawe upume ngati ukuthamanga, akulira nawe ulire, uli chiimire m'chipinda cha mdima. Nchifukwa chake ambiri mwa iwo ndi anthu ophunzira zisudzo ngati Danneberg yemweyo, si ongodziwa kuwerenga.

Ntchitoyi inakula kwambiri nkhondo itatha pomwe mafilimu a ku America anasefukira. Kampani ya Berliner Synchron inayamba mu 1949, ndipo mpaka lero masitudiyo ambiri ali ku Berlin ndi Munich, ena ku Hamburg ndi Cologne. Msika ulipo chifukwa kuwonjezera pa Germany palinso Austria ndi mbali yaikulu ya Switzerland. France, Italy ndi Spain nawonso amachita chimodzimodzi. Koma musaganize kuti azungu onse amatero, ku Poland pa TV mwamuna mmodzi amawerenga mawu a anthu onse pamwamba pa filimu, chizungu chikumveka pansi, ndendende zathu zija, kungoti iye amawerenga mosakweza kapena kutsitsa mawu ngati akulengeza za maliro.

Aphunzitsi a ku Linthipe:

Pepani ndilowererepo ngakhale nkhani za Rambo si zanga. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale ndipo zomasulirazi ndili nazo mawu. Ife tinkatola chizungu mu vidiyo momwemo, mwana wa lero akuonera filimu ya maola awiri osamva liwu limodzi lachingerezi, akungomva DJ akuti wamuswa, wamuswanso. Ndiye mukuyamikira Ajeremani, koma achimwene a ku Leipzig mutiuze zoona, si paja ku Netherlands, Sweden ndi Denmark komwe amangolemba mawu m'munsi anthu ake amalankhula Chingerezi bwino? Ine kwanga kuona, kumuchotsa munthu mawu ake nkumuika a wina ndi kumulanda theka la ntchito yake. Stallone kalankhulidwe kake kokoka kaja, kukamwa kopindika kaja, anabadwa nako, ndi gawo la munthuyo. Ukamupatsa mawu osalala a munthu wa ku Berlin ameneyo salinso Stallone.

China, athuwa amanama. Ndinakhalapo pansi ndi ana anga kuonera ina yomasulira, zomwe amanena DJ ndi zomwe amanena anthu a mufilimu zinali kutali ngati Dedza ndi Nsanje. Munthu akupepesa mkazi wake, DJ akuti akumuitanitsa ngongole ya banki m'khonde. Ana akuseka, ine mutu ukuwawa.

Mngoni wa ku Leipzig:

Achemwali aphunzitsi, za maiko a kumpotowo simukunama, kumeneko mafilimu a akuluakulu amangolemba m'munsi, amalankhulitsa a ana okha, ndipo Chingerezi amachitha zedi. Kunonso achinyamata ambiri masiku ano amasankha mawu enieni pa Netflix, m'mizinda ikuluikulu muli makanema oonetsa zosamasulira. Koma pa Stallone ndikutsutsani pang'ono. Danneberg sanamupatse mawu osalala ayi, ankachita kukhakhalitsa pakhosi nkumakoka mawu kuti afanane ndi nkhope ija, ndipo mukamva Terence Hill wake, wopepuka wachibwana, simungavomere kuti ndi munthu yemweyo. Kumeneko ndi kusewera, kungoti thupi ndi la wina.

Za kunama zija ndiye mundiseketsa, chifukwa Ajeremani anayamba kale ife tisanalote. Kunali mkulu wina Rainer Brandt, anabadwa mu 1936 anamwalira mu 2024, iye ankalemba mawu a Chijeremani a mafilimu komanso kulankhulira ena. Atapatsidwa The Persuaders ya Roger Moore ndi Tony Curtis kuchiyambi kwa ma 1970, sanatsatire zomwe anthuwo ankanena, anathiramo nthabwala zake, mawu opeka yekha, nthawi zina munthu watembenuka nkhope sikuoneka iye nkumuikira chiganizo chomwe kunalibe. Ku America seweroli silinayende bwino, ku Germany linaphulika. Kenaka anachitanso zomwezo ndi mafilimu ambiri a Bud Spencer ndi Terence Hill, ndipo wolankhula nthabwala zimenezo pakamwa pa Hill anali Danneberg. Mpaka lero kuno mafilimu amenewo amabwerezedwa pa TV, anthu akuluakulu amaloweza ziganizo zake nkumaponyerana kuntchito, ziganizo zoti mu Chitaliyana choyambirira mulibe. Ndiye DJ wanu wa banki m'khondeyo ali ndi anzake, kusiyana kwake Brandt ankalipidwa bwino ndipo dzina lake limalemekezedwa.

Komanso Terence Hill naye nkhani yake ikufanana ndi ya Arnold. Dzina lake lenileni ndi Mario Girotti, mayi ake anali Mjeremani wa ku Dresden, ali mwana anakhalako ku Lommatzsch m'chigawo cha Saxony chomwe ndikukhala inechi, Chijeremani amalankhula. Koma naye ankamulankhulira Danneberg. Ndiye mphwanga wa pa Bembeke ukawauze anzako kuti kudziwa chiyankhulo ndi kwina, kuima pa maikolofoni nkugwirizanitsa milomo ndi kwinanso.

Madala a Vidiyo, Lizulu:

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mawu olemba m'munsiwo ndi a anthu ophunzira ngati inu. Makasitomala anga ambiri anali oti sitandade 4 sanamalize, ena maso anayamba kale kuvuta, TV yake ya mainchesi 14 anthu makumi asanu, wakumbuyo awerenga bwanji timalemba tothamanga tija m'chizungu? Mayi anga omwe sanapiteko kusukulu anayamba kuonera mafilimu a ku Nigeria ndi ku India atamva akulankhula Chichewa, asanatero ankati nzaphokoso. Chizungu aphunzitseni m'kalasi inuyo, kwa ine amabwera kudzapuma atasenza matumba a mbatata tsiku lonse. Zonama zija ndikuvomereza, ena amanyanya mpaka kutukwana pamaso pa ana, amenewo ine sindinkawaonetsa.

Aphunzitsi a ku Linthipe:

Madala pa mayi anuwo mwandigwira pakamwa, sinditsutsa. Koma ndikanakonda athuwa akanatengerako kulemba kaye pa pepala asanayatse maikolofoni. Ine nditha kuwathandiza kumasulira, andipatse ya sopo basi.

Wa pa Bembeke:

Zikomo nonse, ndajambula zonsezi pa foni ndikawaonetse pa bawo mawa. Koma achimwene a ku Leipzig mwati anamwalira 2023, nanga Rambo yomaliza ija ya nkhalamba ndi Terminator yomaliza analankhula ndi iyeyo?

Mngoni wa ku Leipzig:

Ayi, pofika 2019 anali atasiya ntchito chifukwa cha kudwala. Mu Rambo: Last Blood Stallone anamulankhulira Jürgen Prochnow, wosewera wotchuka uja wa mu filimu ya Chijeremani ya Das Boot, ndipo sanali mlendo chifukwa ndi yemwe analankhulira Stallone mu Rocky ziwiri zoyambirira Danneberg asanamutenge. Arnold mu Terminator: Dark Fate anapatsidwa kwa Bernd Egger. Pa wodi yomwe ndimagwira pali nesi wina wachikulire wokonda mafilimu a zibakera kuposa amuna, anandiuza kuti anapita kukaonera Rambo imeneyo, Stallone atangotsegula pakamwa iye anatembenukira mwamuna wake nkufunsa kuti kodi ameneyu ndi ndani. Akuti anapirira mpaka kumapeto chifukwa tikiti anali atalipira kale.

Ukapambana pa bawopo chipisi changa undisungire, ndikubwera December, ndidzatsikira pa Bembeke pompo ndisanapitirire kumudzi.